Esau Mwamwaya: Mawu a Chichewa Pamwamba pa Ng'oma za Makina

Esau Mwamwaya ndi woyimba komanso wopeka nyimbo wa ku Malawi amene anadziwika kunja kudzera m'gulu la The Very Best, lomwe anayambitsa ku London pamodzi ndi Johan Hugo Karlberg wa ku Sweden ndi Etienne Tron wa ku France. Gululi linatulutsa zimbale zitatu zikuluzikulu: Warm Heart of Africa mu 2009, MTMTMK mu 2012 ndi Makes a King mu 2015. Mbali yaikulu ya zoyimbira za m'zimbalezi inapangidwa pa kompyuta, koma mawu otsogolera ndi a munthu mmodzi, ndipo nyimbo zambiri amaziyimba m'Chichewa. Oyimba a kuno amene anamvekapo kutsidya kwa nyanja alipo angapo, koma ambiri anapitako atanyamula banjo, babatoni kapena gitala yokhoma okha, ndipo azungu anawalandira ngati anthu a zoyimbira zakumudzi. Mwamwaya analowera khomo lina, la nyimbo zovinidwa m'makalabu a ku Ulaya ndi ku America, ndipo analowamo osasiya chinenero chake pakhomo. Mbiri yake imadzutsa mafunso awiri: pa nyimbo yoti theka lake lapangidwa ndi makina, wopeka weniweni ndi ndani? Nanga zimatheka bwanji kuti munthu atchuke ku New York koma kwawo adziwike ndi ochepa?

Malawi amene anakuliramo

Mwamwaya anabadwira ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1970 ndipo anakulira ku Lilongwe, mzinda umene unakhala likulu la dziko mu 1975. Nthawi imeneyo wailesi ya m'dziko muno inali imodzi yokha, MBC, ndipo wailesi ya kanema inadzabwera mu 1999. Mwana wa m'tauni ankamva chilichonse chimene wailesi imodziyo yaika: Daniel Kachamba, Allan Namoko, Robert Fumulani, Kalimba ndi Makasu, kenako rumba ya ku Zaire, reggae ya ku Jamaica, ndi Jim Reeves ndi Don Williams amene Amalawi anawakonda ngati abale awo. Lamlungu kunali kwaya kutchalitchi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kunafika nyimbo za ku South Africa za Brenda Fassie, Yvonne Chaka Chaka ndi Chicco, zomwe zinkadalira kiyibodi ndi ng'oma za makina.

Izi zikusonyeza kuti phokoso la makina silinali lachilendo m'khutu la Mmalawi wa m'badwo wake. Ku Balaka, Paul Banda wa Alleluya Band anali ndi situdiyo imene inatulutsa kamvekedwe kodziwika dziko lonse, ndipo mng'ono wake Lucius Banda atatulutsa Son of a Poor Man mu 1994, ulamuliro wa chipani chimodzi ukutha, kiyibodi inasanduka msana wa nyimbo za Chimalawi. Chifukwa chake chinali ndalama. Bandi yathunthu imafuna zida zambiri ndi anthu ambiri oti alipidwe, pamene kiyibodi imodzi imatha kutulutsa ng'oma, besi ndi malipenga munthu mmodzi atakhala pampando.

Mwamwaya sanayambe ngati woyimba wa patsogolo. Anali womenya ng'oma, ndipo anayimbapo m'magulu angapo a ku Lilongwe, kuphatikizapo Masaka Band. Anali mnzake wa Evison Matafale, mfumu ya reggae ya ku Chileka, ndipo anayimbapo limodzi. Matafale anamwalira ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu November 2001, Mwamwaya atachoka kale m'dziko. Ntchito ya ung'oma inamusiyira chinthu chimodzi chimene chimamveka m'nyimbo zake zonse: amadziwa poima. Woyimba amene anazolowera kukhala kumbuyo akusunga mayendedwe a nyimbo sathamangira kudzaza mpata uliwonse ndi mawu. Amalowa mochedwerako pang'ono, kukoka liwu limodzi, n'kusiya ng'oma iyankhe.

Sitolo ya ku Clapton

Mu 1999 Mwamwaya anasamukira ku London. Patapita zaka anali ndi sitolo yogulitsa mipando ndi katundu wina wogwiritsidwa kale ntchito ku Clapton, dera la kum'mawa kwa mzindawu kumene kumakhala anthu ambiri ochokera ku Africa, ku Caribbean ndi ku Turkey. Mumsewu womwewo munali situdiyo ya anyamata awiri opanga nyimbo pa kompyuta amene ankadzitchula kuti Radioclit. Mmodzi mwa iwo, Etienne Tron, anagula njinga yakale m'sitolo ya Mwamwaya, anazolowerana, ndipo anamuitanira ku phwando lolowera nyumba yatsopano. Kumeneko anakumana ndi Johan Hugo. Malinga ndi mmene eni ake akhala akufotokozera, awiriwa ankamudziwa ngati womenya ng'oma ndipo anamuitanira ku situdiyo ndi maganizo amenewo. Atamutsegulira zoyimbira zimene anapanga, iye anayamba kuyimba.

Nkhani ya njingayi atolankhani a ku Ulaya anaibwereza kufikira inatha mchere, chifukwa imakoma kuifotokoza ngati mwayi wa mphawi wotoledwa pamsewu. Imabisa mfundo yakuti amene anatoledwayo anali kale katswiri wa zaka zambiri pa ntchito yake, ndiponso kuti Radioclit, ngakhale ankadziwika m'makalabu, analibe liwu lawolawo. Aliyense anapeza mwa mnzake chimene chinkamusowa.

Mmene nyimboyi imapangidwira

Kuti munthu amvetse ntchito ya Mwamwaya ayenera kudziwa mmene nyimbo yamtunduwu imabadwira. Wojambula amayamba ndi pulogalamu ya pa kompyuta. Amasankha liwiro la nyimbo, kuika kugunda kwa ng'oma yaikulu, kuwonjezera tizitsulo ndi kuwomba m'manja, kenako besi. Nthawi zina amadula kachidutswa ka masekondi ochepa m'nyimbo yakale, kaya ndi gitala kaya ndi malimba, n'kukauza kompyuta kuti izikabwereza kosalekeza. Pofika apa palibe nyimbo yoti munthu angaiyimbe akusamba. Pali bwalo chabe.

Woyimba amavala zomvera m'makutu, kuima patsogolo pa maikolofoni n'kuyamba kung'ung'udza. Amafufuza poyambira, pokwera ndi potsika, mpaka njira ya mawu itaoneka. Ndiye amapeza mawu enieni oti ayende m'njirayo. Apa Chichewa chili ndi mwayi wake komanso malamulo ake. Mawu ake amathera pa lembo la liwu, choncho woyimba amatha kukoka mapeto a mzere mmene angafunire osapunthwa. Koma ndi chinenero chokweza ndi kutsitsa mawu polankhula, ndipo wopeka akapotoza kwambiri kakwezedwe kameneka, mwini chinenero amamva kuti china chake chapindika. Zimenezi mnzake wa ku Sweden sakanatha kumuthandiza. Zinali m'manja mwa Mwamwaya yekha.

Liwu lotsogolera likajambulidwa, amabwereranso pa maikolofoni kukadzivomera yekha. Amajambula liwu lachiwiri lokwererapo, lachitatu lotsikirapo, lina lobwereza mzere womwewo, mzere pamwamba pa mzere ngati mmene wofolera nyumba amayalira udzu, mpaka munthu mmodzi amveke ngati kwaya ya mpingo wonse. Wojambula amagawa mawuwo, ena ku sipika ya kumanzere ena kumanja, n'kuwathira kamkokomo kuti amveke ngati akuchokera m'chipinda chachikulu. Kamvekedwe ka The Very Best kagona pamenepa. Kutsogola ndi kuvomera, komwe kumamveka pamtondo, pamaliro ndi pokoka khoka, kunalowa m'makina kudzera pakhosi la munthu mmodzi.

Funso la wopeka limayankhika tikayang'ana ntchito imeneyi. M'malamulo a umwini wa nyimbo, nyimbo yopekedwa ndi chinthu china, ndipo chojambulidwa chake ndi chinthu chinanso. Bwalo analipanga Radioclit. Chimene omvera amatuluka nacho m'mutu, njira ya mawu, mawu ake ndi kayalidwe ka mavume, anapeka ndi Mwamwaya. Kumutchula kuti woyimba chabe, monga ankachitira olemba ena, n'kumuchepetsa.

Mixtape ya 2008 ndi chimbale choyamba

Chakumapeto kwa 2008 atatuwa anatulutsa mixtape yotchedwa Esau Mwamwaya and Radioclit Are the Very Best, imene inaperekedwa ulere pa intaneti. Munali nyimbo za eni ake zotchuka kale zimene Mwamwaya anaziyimbanso mwa njira yake. Tengazako inamangidwa pa Paper Planes ya M.I.A., nyimbo imene chaka chimenecho inali paliponse, ndipo nayonso inabwereka gitala ya gulu la The Clash ya mu 1982. Kamphopo inamangidwa pa Heart It Races ya gulu la ku Australia la Architecture in Helsinki. Munalinso Will You Be There ya Michael Jackson. Zoterezi n'zovuta kugulitsa popanda chilolezo cha eni ake, n'chifukwa chake mixtape kawirikawiri imagawidwa ulere, ndipo phindu lake ndi dzina.

Yochititsa chidwi kwambiri inali Cape Cod Kwassa Kwassa ya Vampire Weekend. Anyamata a ku New York amenewa anali atangotulutsa chimbale chawo choyamba mu 2008, chodzaza ndi magitala obwereka ku Africa, ndipo kunabuka mtsutso wofanana ndi umene unatsatira Graceland ya Paul Simon mu 1986: kodi azungu akatenga kayimbidwe ka ku Africa akulemekeza kapena akuba? Kwasakwasa Amalawi anaivina kale m'masiku a Kanda Bongo Man. Mwamwaya sanalowe mumtsutsowo ndi pakamwa. Anatenga nyimbo ya anyamatawo n'kuiyimba m'chinenero chimene iwo samachimva. Kubwereka kunayamba kuyenda mbali zonse ziwiri. Tsamba la nyimbo la Pitchfork ku America, lomwe panthawiyo linali ndi mphamvu yokweza kapena kugwetsa gulu latsopano, linayamikira kwambiri mixtapeyi.

Warm Heart of Africa inatuluka mu 2009 kudzera ku makampani a Green Owl ku America ndi Moshi Moshi ku Britain. Dzina lake ndi lija Amalawi amaliona pa zikwangwani zokopa alendo. Nyimbo ya mutu wa chimbalechi anayimba ndi Ezra Koenig wa Vampire Weekend yemwe uja, pamwamba pa kachidutswa ka Guitar Boy ya Victor Uwaifo wa ku Nigeria; M.I.A. anayimba nawo Rain Dance. Koma mphamvu ya chimbalechi ili m'nyimbo zimene Mwamwaya ali yekha, monga Yalira, Chalo, Julia ndi Angonde. Mu Julia zoyimbira n'zochepa, kaphokoso kamodzi ka kiyibodi kotsetsereka ndi ng'oma yolemera yoyenda pang'onopang'ono, ndipo mpata wonse wotsala ndi wa liwu lake.

Ambiri mwa ogula chimbalechi sankamva liwu ndi limodzi lomwe. Olemba a ku Ulaya ankangonena za chisangalalo ndi dzuwa, ngati kuti Mwafrika akakweza mawu ndiye kuti wakondwa. Chimenechi ndi chilema cha kutchuka kwa mtundu umenewu: liwu limasanduka choyimbira china pakati pa zoyimbira, ndipo uthenga umatsalira m'njira.

Kubwerera ku Lilongwe ndi MTMTMK

M'zaka zomwezo Mwamwaya anakhazikikanso ku Malawi, ndipo nkhani za ziphaso zoyendera zinkasokoneza maulendo ena a gululi, vuto limene oyimba ambiri a ku Africa amalidziwa bwino. Etienne Tron anachoka, gulu linatsala la anthu awiri. Mu 2011 anatulutsa mixtape ina, Super Mom, ndipo Johan Hugo anabwera ku Lilongwe kudzajambula chimbale chachiwiri.

Anafika m'nyengo yoipa. Mafuta a galimoto ankasowa, ndalama zakunja kunalibe, magetsi ankazima kawirikawiri. Pa 20 July 2011 kunachitika zionetsero zotsutsa boma la Pulezidenti Bingu wa Mutharika, ndipo anthu pafupifupi 20 anaphedwa. Mzinda umene unataya anthu ambiri unali Mzuzu, kwawo kwa Mwamwaya. Zaka zochepa m'mbuyomo, chimanga chitachuluka chifukwa cha feteleza wa makuponi, Joseph Nkasa anali atayimba Mose wa Lero potamanda a Mutharika, ndipo dzinalo linawakanirira. Nyimbo ya The Very Best yotchedwa Yoshua Alikuti ndi yankho la dzina limenelo. Mmalawi aliyense wopita kutchalitchi amadziwa kuti Mose sanalowe m'dziko lamalonjezano, ndipo kufunsa za Yoswa n'kunena kuti nthawi ya Mose yatha. Kanema wake anajambulidwa ku Nairobi motsanzira kanema wa A Milli ya Lil Wayne, ndipo achinyamata a ku London ndi ku Brooklyn ankavina osadziwa kuti akuvina ndale za ku Malawi. A Mutharika anamwalira pa 5 April 2012, Joyce Banda analowa m'malo mwawo, ndipo chimbale chinatuluka mu July chaka chomwecho.

Zilembo za MTMTMK zikuimira chiganizo cha Chingerezi chonena kuti ku Malawi kuli zambiri kuposa ana amene Madonna anatenga. Chimbalechi n'chaphokoso ndi chothamanga kuposa choyamba, chopangidwira bwalo lalikulu la zovinavina. Muli alendo ambiri: K'naan wa ku Somalia, Baaba Maal wa ku Senegal, Amadou ndi Mariam a ku Mali, ndi Seye, wa ku Britain wochokera ku Nigeria, amene anayimba nawo Kondaine. Chingerezi chinachulukamo. M'nyimbo zina makina anakula mphamvu mpaka kupanikiza liwu limene anthu anadzera, ndipo pa zimbale zitatuzi ichi ndicho chimene chakalamba msanga, chifukwa chinatsatira kwambiri fashoni ya m'makalabu ya chaka chake.

Kunyanja

Pokonza chimbale chachitatu, awiriwa anachoka m'tauni. Anakakhala m'mudzi wa M'dala Chikowa m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi, mudzi wa Akhristu ndi Asilamu, n'kuika zida zawo m'nyumba wamba. Situdiyo yeniyeni imamangidwa kuti phokoso lakunja lisalowe; iwo analola kuti lilowe. M'Makes a King, imene inatuluka mu April 2015, mumamveka tizilombo tausiku ndi mawu a anthu a m'mudzi, ndipo kwaya imene kale Mwamwaya ankaipanga ndi khosi lake lokha tsopano inakhalanso ya anthu enieni. Gulu la ku Lilongwe la Mafilika linayimba nawo, Baaba Maal anabweranso mu Umasiye, ndipo Chris Baio wa Vampire Weekend anayimba besi mu Hear Me, nyimbo yodandaula za umphawi ndi katangale imene inapekedwa mu 2014, chaka cha chisankho komanso chokumbukira zaka 50 za ufulu, fumbi la katangale wa Cashgate lisanakhazikike. Magitala ndi ng'oma zamanja zinabwerera patsogolo, makina anabwerera m'mbuyo pang'ono. Ndi chimbale chofatsa, ndipo ndi mmene luso lake lopeka limaonekera bwino koposa. Nyimbo ya mutu wake inalowa m'masewero a pa kompyuta a FIFA 16, njira imene inaifikitsa kwa achinyamata ambirimbiri amene sakanaifufuza okha.

Komabe kujambulira nyimbo kunyanja ndi kwina, kumvedwa ndi anthu a kunyanja ndi kwinanso. Chitsanzo chabwino ndi Chia, pamsewu wa M5 wochokera ku Salima, makilomita oposa 20 kummwera kwa boma la Nkhotakota, pamene mlatho umadutsa pa khwawa lolumikiza nyanja yaing'ono ya Chia ndi nyanja yaikulu. Basi ikaima pamenepo ogulitsa nsomba amaizungulira atakweza chambo m'mwamba, wogula amatsutsana nawo mtengo ali pawindo, ndipo nsombayo imamangidwa kunja kwa galimoto kuti iziwombedwa mphepo mpaka ku Lilongwe. Nyimbo sizisowa pamalo ngati amenewa. Zimatuluka m'sipika ya mugolosale, m'foni ya wakabaza, m'wailesi ya msodzi amene akusoka ukonde pamthunzi. Kuseri kwa msewu kuli kwaya za mipingo, nyimbo za Asilamu amene ndi ambiri m'dera la Nkhotakota kuyambira masiku a Jumbe, chimtali ndi gule wamkulu.

Nyimbo yojambulidwa imafika pamalo otere kudzera m'njira zodziwika. Kale inali kaseti, ndipo woyimba amene makaseti ake sanadutse kwa wogulitsa makaseti O.G. Issa ku Limbe ankavutika kufika kumaboma. Lero ndi mnyamata wa kompyuta pamsika amene amathira nyimbo m'memori khadi pa mtengo wochepa, ndi WhatsApp, ndi DJ wa pachinkhoswe wobwera ndi jenereta yake, ndi mawailesi monga Nkhotakota Community Radio, Zodiak ndi MBC Radio 2. Pamwamba pa zonsezi pali kuyenda. Black Missionaries ndi Zembani Band ya Lucius Banda anadziwika chifukwa chozungulira dziko chaka ndi chaka, kuyimba m'maholo ndi m'malo achisangalalo a pamaboma. The Very Best inadutsa njira ina kotheratu: masamba a pa intaneti a Chingerezi, makampani a ku London ndi ku New York, ndi zisangalalo zikuluzikulu za kunja. Njira ziwirizi sizikumana, ndipo gulu loti mmodzi amakhala ku Lilongwe wina ku Ulaya silingayimbe ku Dwangwa Loweruka lino n'kukayimba ku Salima Lamlungu.

Palinso nkhani ya khutu. Womvera wa ku Malawi amafuna nkhani m'nyimbo. Nkasa, Mlaka Maliro, Billy Kaunda ndi Lucius Banda anakondedwa chifukwa cha mavesi aatali, miyambi, ndi madandaulo oti munthu akhoza kuwabwereza pokambirana ndi anzake, ndipo ojambula awo ankaika liwu patsogolo kuti lisaphonyeke ngakhale pa kawailesi ka mabatire. Nyimbo za Mwamwaya zili ndi mawu ochepa obwerezedwa, okutidwa ndi mkokomo, opangidwira masipika aakulu. Chimene mlendo amachimva ngati kukongola, mwini chinenero akhoza kuchimva ngati nyimbo imene sinamalize kunena.

Malo amodzi amene njira ziwiri zija zimayandikirana ndi chisangalalo cha Lake of Stars, chimene Will Jameson wa ku Britain anayambitsa ku Chintheche mu 2004, ndipo The Very Best inayimbako. Chakhala chikusuntha m'mphepete mwa nyanja, ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhata Bay, ndipo mu September 2024 chinachitikira ku Fish Eagle Bay m'boma la Nkhotakota, osati kutali ndi Chia. Ngakhale pamenepo, olowa ambiri amakhala a m'mizinda ndi alendo akunja amene angakwanitse tikiti. Anthu a m'midzi yozungulira amapindula kwambiri ndi malonda ndi maganyu.

Johannesburg ndi zotsatira zake

Kumayambiriro kwa 2016 gulu la ku Britain la Mumford & Sons linakayimba ku South Africa, ndipo linatenga The Very Best, Baaba Maal ndi gulu la ku Cape Town la Beatenberg. Ali komweko analowa mu situdiyo za SABC ku Johannesburg n'kujambula nyimbo zisanu m'masiku awiri. Kachimbale kameneka, kotchedwa Johannesburg, kanatuluka mu June 2016 ndipo kanalowa m'gulu la zimbale khumi zoyamba pa mndandanda wa Billboard 200 ku America. Liwu la Mwamwaya likumveka mu Wona ndi Ngamila, mwa zina. Anafika m'makutu a anthu ochuluka, ngakhale kuti dzina lalikulu pachikuto linali la eni ulendo.

Ubale wa Johan Hugo ndi Malawi sunathere pa The Very Best. Iye ndi amene anajambula Stomp on the Devil, chimbale cha mu 2019 cha Lazarus Chigwandali, woyimba wachialubino wochokera ku Dedza amene ankayimba m'misewu ya Lilongwe ndi banjo yopanga yekha, pa nthawi imene anthu achialubino ankasakidwa ndi kuphedwa m'dziko muno. Kanema wofotokoza moyo wake anaonetsedwa pa chionetsero cha mafilimu cha Tribeca ku New York chaka chomwecho, ndipo mmodzi mwa amene anaikapo dzina lawo anali Madonna, yemwe uja wa pa mutu wa MTMTMK.

M'zaka zomwezi oyimba ena a ku Malawi anatuluka kudzera mwa ojambula akunja. Ian Brennan wa ku America anajambula Malawi Mouse Boys komanso akaidi ndi oyang'anira ndende ya Zomba, ndipo chimbale cha Zomba Prison Project chinasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto za Grammy za 2016. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi Madalitso Band ya ku Lilongwe anayenda m'maiko a ku Ulaya ndi babatoni. Onsewa ali ndi luso losakayikitsa, koma msika umene unawalandira umakonda Malawi wa zida zokhoma pamanja ndi nkhani ya umphawi kumbuyo kwake. Mwamwaya ndi wosiyana nawo chifukwa anapikisana pa bwalo la nyimbo zamakono, pafupi ndi oyimba monga M.I.A. ndi Santigold, monga mnzawo pa ntchito.

Kuno kumudzi zinthu zasintha kwambiri kuyambira 2009. Kompyuta ya m'manja yokhala ndi pulogalamu ya FL Studio, maikolofoni imodzi ndi chipinda chotchingidwa ndi matiresi n'zokwanira kutsegula situdiyo ku Ndirande, ku Area 25 kapena pa boma la Nkhotakota. Tay Grin anaika ng'oma za gule wamkulu mu hip hop, Sonye anapanga nyimbo zovinira za makina zokhala ndi kakomedwe ka kuno, Faith Mussa anasakaniza gitala yake ndi zida za makina, ndipo Zeze Kingston anatchuka ndi amapiano ya m'Chichewa. Liwu la Chichewa pamwamba pa ng'oma za kompyuta, chimene chinadabwitsa London mu 2008, lero chimamveka m'minibasi iliyonse ya pa M5. Kungakhale kukokomeza kunena kuti achinyamatawa anaphunzira kwa Mwamwaya. Ambiri anatengera ku South Africa ndi ku Nigeria, kumene kwaito, house, afrobeats ndi amapiano zinachokera, ndipo amapeka poganizira womvera wa kuno, ndi mavesi odzaza nkhani ndi mawu a m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre.